Za dizilo wolimidwa m'munda: kalata yochokera m'tsinde mwa phiri la Mulanje

Muphwa wanga wokondedwa,

Kalata yako ndinailandira. Kuno tonse tili bwino, kupatula chifuwa cha agogo ako chomwe sichilephera chiperoni akangoyamba. Mayi ako akuti ndalama ya malata ija inafika ndipo akuthokoza, koma akudandaula kuti foni yako masiku ano imangoitana osayankhidwa. Nandolo wachita maluwa bwino chaka chino. Mbozi zikamusiya tidzakhala ndi kanthu kopita nako kumsika wa Limbuli.

Tsopano za funso lako lija. Ukuti kumsonkhano wanu ku Lilongwe munkakambirana za biodiesel, dizilo wopangidwa kuchokera ku mafuta a zomera, ndipo bwana wina anafunsa ngati alimi a m'maboma onga lathu lino angavomere kulima mbewu zake. Iwe n'kulonjeza kuti ukafunsa amalume ako, ngati kuti ine ndine Mfumu Mabuka. Ndine mphunzitsi wopuma chabe, wa kamunda ka tiyi ndi timbuzi tingapo. Koma poti wafunsa, pezeratu pokhala. Unati ndiyankhe mwachidule. Pamenepo pokha undikhululukire.

Ndiyambe ndi kukuvomereza kuti vuto la dizilo ndi lenileni, ndipo kuno limatiluma kuposa inu a m'tauni. Inu mafuta akasowa mumagona pamzere ndi galimoto zanu, mukatopa n'kukwera kabaza. Ife dizilo akasowa chimaima ndi chigayo, ambulansi, lole ya feteleza ndi thirakitala yonyamula tiyi. Ndipo tiyi sadikira munthu. Ukudziwa mmene zimakhalira pashedi nthawi ya dzinja. Amayi alowa m'munda kusanache, mame ali thoo, dengu kumsana, kuthyola masamba awiri ndi kansonga kake mpaka zala kuchita dzanzi. Dzuwa likakwera abwera nawo pashedi, auyala pamthunzi, n'kuyamba kudikira galimoto ndi kalaliki wa sikelo. Galimoto ikachedwa, tsamba limayamba kudzitenthera lokha mkati mwa mulu. Ukapisa dzanja umamva kufunda. Ukatulutsa masamba apakati umapeza ayamba kufiira m'mphepete. Pamenepo amayi amayamba kutembenuza, kumwaza, kupepesera ndi zitenje, maso ali kumsewu. Tiyi wofiira kufakitale samufuna. Thukuta la tsiku lathunthu limathera pamenepo, chifukwa cha sitima ya mafuta yomwe ili ku Beira kudikira madola omwe dziko lilibe.

Mu 2011 ndi 2012 unali usanamalize sukulu, koma mizere ija uyenera kuikumbukira, pamodzi ndi zionetsero za pa 20 Julayi 2011 zomwe kusowa kwa mafuta kunali chimodzi mwa zoyambitsa zake. Tinkayesa zinapita ndi nthawi imeneyo. Zinabwereranso kumapeto kwa 2022, ndipo kumapeto kwa 2024 zinachita kunyanya. Mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, lita ya dizilo inafika pa K2,734, komabe ngakhale unyamule ndalamayo m'manja si nthawi zonse pomwe unkamupeza. Ife a m'malire tili ndi kopumira kwathu, ngati n'kupuma kumene: anyamata amawoloka Muloza n'kubwera ndi zigubu kuchokera ku Milange, atazimangirira panjinga ndi malamba a machubu. Mtengo amatchula ali chilili, ukanyinyirika akuti pita pafiling'i ukaone ngati alipo. Ndipo zomwe zili m'chigubumo amadziwa ndi mwini wake. China chathiridwa parafini, china chalowa madzi. Ndiye munthu akabwera n'kunena kuti dizilo tingamadzipangire tokha, palibe wa kuno amene angatseke makutu.

Chomwe chimandidabwitsa n'chakuti achinyamata ambiri mumakamba za mafuta a zomera ngati nkhani yofika dzulo pandege. Dziko lino linayamba kusakaniza ethanol ndi petulo mu 1982, fakitale ya Ethco itatsegulidwa ku Dwangwa, ndipo ya PressCane ku Chikwawa inatsatira mu 2004. Ndi mayiko ochepa mu Africa muno omwe achita zimenezi kwa nthawi yaitali chonchi osalekeza. Kabaza wa njinga yamoto amene amakutsitsa pa Chitakale amayendera nzimbe pang'ono, kaya akudziwa kaya sakudziwa.

Ufunse anzako kumsonkhanoko chifukwa chake ethanol anatheka. Ine ndimaona chonchi. Palibe mlimi amene anauzidwa kuti azule chimanga abzale mbewu yachilendo. Ethanol amachokera ku molasesi, madzi akuda onata aja otsala popanga shuga, omwe analipo kale, ali pamalo amodzi, pakhomo penipeni pa fakitale ya Dwangwa ndi ya Nchalo. Wogula naye analipo kale: makampani a mafuta, omwe malamulo amawauza kusakaniza, ndipo lero mtengo ndi kasakanizidwe zikuyang'aniridwa ndi bungwe loona za mphamvu la MERA. Ngakhale zili choncho, mlingo wa magawo 20 pa 100 womwe umanenedwa uja sukwanira chaka chonse, chifukwa molasesi ndi wochepa ndipo zigayo za nzimbe zimapuma nthawi ya mvula. Komanso ethanol amalowa mu petulo basi. Dizilo, amene amanyamula katundu wa dziko lonse, tikumugulabe yense kunja, dontho lililonse. Mpata womwe biodiesel akufuna kutseka ndi umenewo, ndipo ndondomeko ya boma ya zamphamvu ya 2018 imautchula ndithu.

Koma aka si koyamba kuyesa. Cha m'ma 2006 mpaka 2010 dziko lonse lapansi linapenga ndi nsatsimanga. Ankati ndi mtengo wodabwitsa: umamera pamiyala, sufuna feteleza, sufuna madzi, mbuzi siziudya, ndipo udzasandutsa Africa kukhala chitsime cha mafuta. Kuno ku Malawi kampani ya Bio Energy Resources Limited, yomwe anthu ankangoti BERL, inayamba mu 2006 ndi thandizo la ndalama zochokera ku Netherlands. Maganizo awo sanali oipa. Sanafune kulanda minda. Ankauza alimi kuti abzale mitengoyo m'malire mwa minda ngati mpanda, iwo azigula njere, azikafinya mafuta ku Lilongwe, mafutawo azisakanizidwa ndi dizilo pa mlingo wa magawo 9 pa 100. Alimi masauzande ambiri, makamaka m'chigawo chapakati, anabzala. Lero pita pafiling'i iliyonse ukafunse dizilo wa nsatsimanga, ukaone mmene akakuyang'anire.

Kuno kwathu kunafika ena, a kabungwe kena komwe dzina lake ndilisiye, ndi mbande m'timachubu ndi malonjezo ofanana. Ndinatenga zanga n'kubzala kumalire a kumunsi, kufupi ndi dimba. Kumera zinamera, pamenepo sananame. Nsatsimanga ngakhale ungozika nthambi imaphuka. Koma kumera ndi kubereka n'zosiyana. Pamalo ouma ndi osauka mtengowo umangokhala ndi moyo, osabala kanthu. Kuti ubale zooneka umafuna dothi labwino, madzi, kupalira ndi kudulira, zomwezo zomwe chimanga chimafuna. Zaka zitatu kapena zinayi zimapita usanaone zokolola zenizeni. Ndiye kukolola kwake! Panthambi imodzi pamakhala zipatso zobiriwira, zachikasu ndi zakuda, ndiye suthyola kamodzi n'kuthana nazo. Umabwerera sabata ndi sabata kutola zakupsa, nthawi yomweyo imene kumunda kukufunika kupalira ndi kubandira. Utomoni wake ukakudonthera pamalaya sachapika. Ukabwera nazo pakhomo uziyanike, uziswe ndi manja, upete. Ndipo uzilondera ana, chifukwa njere zake zimakoma ngati mtedza pakamwa koma ndi poizoni. Mwana akadya zingapo ndi kusanza ndi kutsegula m'mimba usiku wonse. Thumba langa linakhala pakona ya nkhokwe kudikira ogula mpaka linachita nkhungu. Mitengoyo ilipo mpaka lero, ikutchinga mbuzi za aneba, ndipo pantchito imeneyo sindiidandaula.

Kunena kuti anthu aja anali akuba n'kulakwa. Chinawagonjetsa ndi masamu, ndipo masamu ake ndi omwe ndinkaphunzitsa mu Sitandade 6. Kuti upeze lita imodzi ya mafuta umafunika makilogalamu anayi kapena asanu a njere. Lita imeneyo singagulitsidwe kuposa dizilo wa pafiling'i, apo ayi palibe angaigule. Pa mtengo wa dizilowo uchotsepo ya galimoto yotolera njere mudzi ndi mudzi, thumba pano theka la thumba uko, m'misewu yathu ino. Uchotsepo ya fakitale, ya antchito, ya alangizi, ya misonkho. Yotsalayo uigawe kanayi kapena kasanu. Imeneyo ndiyo ndalama ya mlimi pa kilogalamu. Mayi akawerengera kuti tsiku lonse lotola ndi kuswa njere likumupatsa zochepa kuposa ganyu wa mizere ingapo, safuna mlangizi womuuza chochita. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Si kuno kokha: kampani ya Sun Biofuels, yomwe inali ndi minda ikuluikulu ku Chimoio m'dziko la Mozambique ndi ku Kisarawe m'dziko la Tanzania, inagwa mu 2011, ndipo fakitale yomwe Robert Mugabe anatsegula ndi chikondwerero ku Mount Hampden mu 2007 inakhala nthawi yaitali ikusowa njere zogaya.

Tsono bwera kuno ku Mulanje uone malo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma lino. Pakati pakhala phiri, lomwe sitilima. M'tsinde mwake, momwe mvula imagwa bwino ndi dothi lili lofiira lakuya, mwadzaza tiyi kuyambira pomwe anabzalidwa koyamba mu 1891, ndipo ambiri mwa malo amenewo ndi a maesiteti. Ife tapanikizika m'mipata yotsala. Mabanja ambiri sakwanitsa ndi ekala imodzi yomwe, ndipo kamundako kamagawidwanso mwana wamkazi aliyense akakwatiwa, monga mwa mwambo wathu. Amene amanena za "malo ongokhala" abwere adzandilozere. M'munda umodzi muli chimanga, nandolo, chinangwa, maungu, khobwe ndi kalongonda, mbatata ikudikira kulowa chimanga chikachoka. Malire amene ankati tibzalemo nsatsimanga ali kale ndi eni ake: nthochi, mapeyala, mango, nanazi, nsenjere ya mbuzi, vetiva woteteza nthaka. Chilichonse mwa zimenezi chimadyedwa kapena kugulitsidwa pamsewu tsiku lomwelo. Mtengo wa peyala umodzi umalipirira mwana yunifolomu. Mbewu ya mafuta a galimoto ikafuna malo kuno iyenera kuchotsa chimodzi mwa izi, ndipo sindikuona chomwe ingachotse.

Ndipo pali choopsa china chomwe a m'maofesi saona. Munthu wa kuno akasowa polima sapita kwina, amakwera phiri. Amatema, amaotcha makala, amabzala chimanga pamalo otsetsereka pomwe ngakhale mbuzi imayenda mosamala. Mkungudza, mtengo wa fuko lathu, unatha tikuona. Zotsatira zake tinaziona ku Phalombe mu Malichi 1991, napolo atatsika, ndipo tinazionanso mu Malichi 2023 ndi namondwe wa Freddy, pomwe miyala ndi matope zinakwirira midzi ndi kukokolola milatho. Choncho za kusintha kwa nyengo simuyenera kutiphunzitsa ndi zithunzi. Tinakumba abale athu m'matope. Tikudziwa kuti utsi wa mafuta okumbidwa pansi uli ndi mbali yake pa zimenezi, ngakhale kuti utsi wa Amalawi ndi wochepetsetsa pouyerekeza ndi wa mayiko olemera. Koma mafuta amene mukuwatcha aukhondo akakankhira anthu kumtunda kwa Lichenya ndi Likhubula, adzatipha msanga kuposa utsiwo.

Mwina unena kuti tisiye nsatsimanga, tigwiritse mpendadzuwa, soya kapena mtedza. Injini siikana, ngakhale pachionetsero cha ku Paris mu 1900 injini ya Rudolf Diesel inayendera mafuta a mtedza. Koma lowa mugolosale ufunse mtengo wa lita ya mafuta ophikira, kenako uyerekeze ndi wa dizilo. Kwa zaka zambiri ophikira ndiwo akhala okwera. Dziko lino limaitanitsabe kunja mafuta ambiri osayenga kuti makampani adzayenge kuno, ndi madola omwewo amene tikusowa. Kumsika wa Limbuli amayi amagula mafuta a m'timapepala tomanga, okwana ndiwo za tsiku limodzi, ndipo ambiri mwa mafutawo ndi owoloka malire. Dziko lomwe ndiwo zake zikusowa mafuta lingathire bwanji mafutawo m'thanki ya lole? Madola omwe mungapulumutse pa dizilo mudzawatulutsanso pa mafuta ophikira, mwinanso kuposa.

Wina kumsonkhanoko adzatchula mafuta otsala kukazingira, poti ku Europe amatolera m'mahotela n'kupangira biodiesel wambiri. Ameneyo udzamutengere pachiwaya cha pa Chitakale madzulo. Aone mnyamata akukazinga tchipisi m'mafuta omwe anayamba ali oyera Lolemba, akungowonjezera pang'ono pamwamba, mpaka ada bii. Kenako akazingiramo zamkati za mbuzi, ndipo otsala pansi penipeni amathira pa tchipisi cha kasitomala ngati bonasi. Chotsala n'chiyani pamenepo? Mwina mahotela akuluakulu a ku Blantyre ndi Lilongwe angasonkhe migolo ingapo, yokwana kuyendetsa malole a khonsolo otaya zinyalala. Imeneyo ingakhale ntchito yabwino, ndipo ingachotse mafuta oipa m'mimba mwa anthu, koma si ndondomeko ya dziko.

Mayiko amene biodiesel anakhazikika ali ndi phunziro lomwe likufanana ndi la molasesi wathu. Brazil inakakamiza kusakaniza magawo 2 pa 100 kuyambira mu 2008, n'kumakweza pang'onopang'ono mpaka kudutsa 10. Poyamba boma la Lula linkafuna kuti alimi osauka a kumpoto chakum'mawa apindule polima nsatsi, ndipo linaika chizindikiro chapadera ndi kuchepetsa misonkho kwa makampani ogula kwa alimi ang'onoang'ono. Nsatsiyo sinapite patali. Chomwe chinadzaza matanki ndi soya wa minda ikuluikulu, pamodzi ndi mafuta a ng'ombe ochokera kophera, chifukwa soya amalimidwa kale kaamba ka chakudya cha ziweto ndipo mafuta ake amachita kusefukira. Indonesia inafika pa magawo 30 mu 2020 ndi 35 mu 2023 chifukwa ili ndi mafuta a kanjedza ochuluka kuposa dziko lina lililonse, ngakhale nkhalango zake zalipira mtengo wowawa. Onsewa anayamba ndi mafuta otsala, kenako lamulo. Ife timafuna kuyamba ndi lamulo ndi mbande, mafuta adzapezeka m'tsogolo. Ngati Malawi adzakhale ndi biodiesel wochuluka, adzachokera ku soya wa ku Mchinji, Kasungu ndi Lilongwe, kapena ku njere za thonje za ku Balaka, Salima ndi kuchigwa cha Shire, tsiku lomwe mafuta ophikira adzakwane m'nyumba n'kutsalako. Sadzachokera kuno.

Ndikukumbutsenso kanthu kena ka mbiri, poti ukudziwa kuti aphunzitsi sitipuma kwenikweni. Mitengo yobala mafuta inabwerapo kale m'dera lino nthawi ya atsamunda. Ku Thyolo ndi madera oyandikira kunabzalidwa mitengo ya tung, yomwe mafuta ake ankapangira penti ndi vanishi kunja. Malo a kafukufuku a ku Bvumbwe anayamba mu 1940 chifukwa cha mtengo umenewu, ndipo mzinda wa Mzuzu unakula kuchokera pa esiteti ya tung. Msika wakunja utatembenuka, penti atayamba kupangidwa ndi mankhwala ena, mitengoyo inazulidwa. Eni maesiteti anabzala zina n'kupitiriza. Iwo akhoza kupirira zaka zisanu zolakwika. Mlimi wa theka la ekala chaka chimodzi chokha chimamugwetsa.

Za injini nazo musazidumphe. Ndinacheza ndi makaniko wina wa pa Chitakale amene amakonza mapampu a dizilo, ndipo anandikumbutsa kuti mafuta ofinya kumene si biodiesel ayi. Ndi olemera, onata. Ukawathira ambiri m'injini yozizira amatseka manozo ndi kusiya mwaye. Kuti asanduke biodiesel amawasakaniza ndi methanol ndi soda wa kositiki, n'kutenthetsa, giliserini n'kukhala pansi, mafuta opepuka pamwamba. Kenako amawatsuka ndi kuwaumitsa. Methanol ameneyo sitipanga kuno, ndiye kuti madola akufunikabe. Biodiesel akalowa m'thanki yakale amasungunula litsiro lonse lomwe linamatirira zaka ndi zaka n'kulipititsa ku fyuluta, amafewetsa mapaipi akale a labala, ndiponso amakoka chinyezi. Kuno komwe chiperoni amatha sabata dzuwa osaoneka, mgolo wosungidwa mosasamala umachita madzi pansi. Pa mlingo wochepa, wa magawo 5 kapena 7 pa 100, injini zambiri sizidandaula. Koma m'dziko lomwe zigubu zimagulitsidwa pamsewu, ndani adzaletse munthu kuthira mafuta aliwonse n'kunena kuti ndi biodiesel? A bungwe loona za miyezo la MBS adzafunika kukhala ndi zida ndi anthu ofika mpaka ku Muloza, osati ku Blantyre kokha. Mwini minibasi pampu ikangomufera kamodzi, mbiri yake idzafika Nkando, Luchenza ndi Limbe dzuwa lisanalowe, ndipo palibe adzafunenso kumva.

Ndiye ukapita kumsonkhano uja ukanene kuti amalume ako sakukana biodiesel. Akukana kuyambira kwa mlimi. Muyambire kwa wogula. Pakhale lamulo lonena kuti ndani adzagule, malita angati, pa mtengo wowerengedwa bwanji, kwa zaka zingati, ndipo lisamasinthe nduna ikasintha. Mu mtengo wa lita iliyonse ya dizilo muli ndalama ya misewu, ya magetsi a kumidzi ndi zina. Mugwirizane poyera ngati mafuta opangidwa konkuno adzasenze zonsezo kapena adzapeputsidwe, chifukwa phindu lonse la wofinya ndi la mlimi lagona pamenepo. Zimenezi zikalembedwa n'kusainidwa, amalonda adzafunafuna okha njere, ndipo mlimi adzaona mtengo pa sikelo n'kudzisankhira. Nandolo palibe amene anatigawira mbande ndi matisheti kuti tilime. Tinaona ogula akubwera ndi malole chifukwa cha msika wa ku India. Ndipo msikawo utagwa mu 2017 tinawotcheka, koma nandoloyo tinadya. Njere za nsatsimanga sungadye, ngakhale nkhuku sungapatse.

Ngati mukufunitsitsa kuti Mulanje akhale nawo m'nkhaniyi, gogodani kumaesiteti. Iwo ali ndi malo, mathirakitala, malole, matanki awoawo a dizilo, amakaniko ndi owerengera ndalama. Kudzilimira mphamvu si kwachilendo kwa iwo: nkhalango za bulugamu zomwe umaziona pakati pa tiyi ndi nkhuni zoumitsira tiyi m'mafakitale, ndipo ku Lujeri akhala akupanga magetsi ndi madzi a m'phiri kwa zaka zambiri. Ku Mimosa kuli akatswiri a kafukufuku wa tiyi odziwa kuyesa mbewu moleza mtima. Esiteti imodzi itapatula mahekitala angapo, n'kufinya mafuta, n'kuyendetsera mathirakitala ake zaka zingapo, tidzadziwa zoona zake popanda mwana wa munthu kugona ndi njala. Zikawapindulira, ife tidzaonera pampanda n'kutengera, monga momwe makolo athu anatengera tiyi weniweniyo. Zikakanika, adzazula monga anazulira tung.

Koma ukandifunsa chomwe chingachepetse dizilo m'boma lino msanga, ndikulozera mitsinje. Ku Bondo, bungwe la MEGA linatchinga pang'ono madzi a Lichenya n'kuyamba kupereka magetsi kumidzi, kuchipatala, kusukulu ndi kuzigayo, ndipo linali loyamba la mtundu wake kulandira chiphaso m'dziko muno. Pa Ruo ndi Ndiza pali makina opanga pafupifupi mamegawati 8 omwe amalowa m'mawaya a ESCOM. Chigayo chilichonse chomwe chasiya injini n'kulumikizidwa kumagetsi ndi migolo ya dizilo yomwe sitidzaitanitsanso, ndipo mtengo wogayitsa umatsika. Funsa mayi aliyense amene amayenda mtunda ndi thumba pamutu kudutsa chigayo cha dizilo kuti akapeze cha magetsi. Njinga zamoto zoyendera batire zayamba kuoneka m'mizinda, ndipo kabaza wa kuno, amene ulendo wake ndi Chitakale, boma, Likhubula n'kubwerera, ndi amene zingamuyanje. Palinso njanji. Kale tiyi ankakwera sitima pa Luchenza kupita ku Beira. Chidukireni njira ya ku Beira pa nkhondo ya ku Mozambique, n'kuwonongekanso njanji pa Chiromo mu 1997, zonse zili pamsana pa malole. Biodiesel asungidwire zomwe waya sungafikeko: thirakitala m'munda, lole pamsewu wa Midima, ambulansi usiku. Pamenepo ali ndi malo ake, ochepa koma enieni.

Bwana wakoyo akafuna kumva yekha, ubwere naye. Asabwere ndi galimoto zisanu ndi maalawansi; adzakhale pashedi tsiku la sikelo afunse amayi. Mudzere msewu wa Midima, ndipo mudzathire mafuta ku Limbe musananyamuke, osadalira za kuno. Mayi ako akuti uwabweretsere mankhwala a maso aja, a botolo laling'ono, osati amene unatumiza ulendo watha. Upereke moni kwa apongozi anga ndi ana.

Ndine malume ako,
ku Mulanje